Mapiritsi a bipi anatsala pang'ono kundipasulira banja

Kwa ankhoswe ndinati ndi kutopa kwa ntchito. Onse amene anakhala pamphasa tsiku limenelo anadziwa kuti ndikunama, kungoti aliyense anali ndi maganizo akeake. Mayi a kunyumba ankakhulupirira kuti ndapeza chibwenzi. Amalume ankati pali wina wandilodza kumudzi. Ine ndinkangodziwa kuti ndagwa mumpapaya, ndipo mawu amenewo sakanatuluka pakamwa panga alamu anga ali pomwepo.

Zinayamba nditapita kuchipatala chifukwa cha mutu wosamva panado. Atandiyeza anati ndili ndi bipi, n'kulemba mankhwala awiri m'buku langa: hydrochlorothiazide, timapiritsi tokodzetsa tija ambiri amangoti HCT, ndi propranolol. Mutu unaleka. Patapita miyezi chilakolako chinayamba kuzirala, kenako thupi linakaniratu. Ndinayamba kugona mochedwa dala, kuonera mpira wobwereza mpaka mnzanga atagona. Usiku wina anatembenuka n'kufunsa motsitsa mawu: "Bambo, ndinakulakwirani chiyani? Ngati kuli wina ingonenani." Ndinayang'ana kukhoma osayankha, ndipo kukhala chete kumeneko n'kumene kunaitanitsa ankhoswe.

Atachoka ndinalowa m'tchire ndekha. Gondolosi ndinatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Kwa sing'anga ndinasiya ndalama ya feteleza, n'kubwerako ndi mphini m'chiuno zimene ndinkabisa posamba. Kumsika mnyamata wina ananditsinira diso n'kundipatsa piritsi labuluu lokulunga m'kapepala, lopanda dzina. Nditamwa nkhope inatentha, mphuno zinatsekeka, ndipo poimirira ndinaona chidima. Patsogolo pake m'pamene ndinamva kuti sildenafil, mankhwala a mu Viagra, amatsitsanso bipi, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate akhoza kuitsitsa mpaka kumupha.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza kuti vuto ndi mapiritsi a bipi. Ananena zoona, koma malangizo ake anali oopsa: "Achimwene, ingotayani zimenezo." Ndinataya m'chimbudzi tsiku lomwelo. Sindinkadziwa kuti propranolol sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa mtima umene unazolowera kugwiridwa umayamba kuthamanga kuposa kale. M'mawa wina ndikumanga zingwe za nsapato mutu unalasa kunkhongo, mtima ukugunda ngati ng'oma, dzanja likunjenjemera. Mayi omwe aja ndinkawabisira ndi amene anathamangira galimoto ya aneba.

Adokotala atandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira mankhwala, ndinayang'ana pansi. Mkazi wanga anali chiimire pambali pa bedi. Ndinanena zonse, ndipo m'chipindamo munalibe amene anaseka. Adokotalawo anati dandaulo limeneli amalimva kawirikawiri, koma ambiri amafika nalo mochedwa, ena atagwa kale sitiroko. Anafotokoza kuti mphamvu za bambo zimadalira magazi kulowa mokwanira m'mitsempha ya kumalo obisika. HCT ndi mankhwala a gulu la propranolol ndi atenolol amatha kufooketsa zimenezi mwa anthu ena, pomwe ena amamwa zaka zambiri osaona vuto. Anawonjeza chinthu chimene chinandiopsa kwambiri: bipi yosasamalidwa, monganso shuga ndi fodya, imawononga mitsempha yomweyo pang'onopang'ono. Potaya mapiritsi ndinkawononga chomwe ndinkafuna kupulumutsa.

Anatchulanso mankhwala ena odziwika. Fluoxetine ndi amitriptyline, amene amaperekedwa kwa odwala matenda okhumudwa, amatha kuchepetsa chilakolako kapena kuchedwetsa munthu kumaliza. Cimetidine wa zilonda za m'mimba, akamwedwa wambiri kwa nthawi yaitali, amalimbana ndi mahomoni achimuna. Haloperidol ndi chlorpromazine nawonso amatero m'njira yawo. Apa mkazi wanga anafunsa za jakisoni wolera wa Depo-Provera, chifukwa mng'ono wake ankadandaula kuti chiyambireni kubayitsa alibe chikhumbokhumbo. Anayankhidwa kuti zimachitika kwa amayi ena, ndipo njira zolera zilipo zina zoti n'kusankha. Ndinazindikira pamenepo kuti amayi amavutika nazo mwakachetechete kuposa ife, chifukwa iwo sawafunsa n'komwe.

Ine anandisinthira ku amlodipine. Mapazi amatupa pang'ono madzulo, koma bipi inakhazikika, ndipo m'nyumba zinthu zinabwerera pang'onopang'ono. Chimene chinachedwa kupola ndi mtima wa mkazi wanga. Anandiuza kuti miyezi yonseyo ankadziyang'ana pagalasi kufufuza chimene chinandinyansa. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimamva kuwawa, pakuti iye sanalakwe kanthu.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi bipi yokwera. Choncho amene tikumwa mapiritsiwa tilipo ambiri. Achipatala, chonde muzitifunsa za kuchipinda, chifukwa ambirife sitingayambe tokha. Ndipo inu bambo kapena mayi amene mwaona kusintha mutayamba mankhwala atsopano, musawataye. Uzani mnzanu wa m'nyumba, mutenge buku lanu ndi mapaketi onse, mupite limodzi kwa amene anakulemberani.