Mukufuna kuthamanga, nanga mabuleki ngachiyani?

Nyumba yoyandikana ndi yomwe ndikuchita lendi kuno ku Swindon mumakhala bambo ena achikulire, azungu, opuma pa ntchito. Ali ndi galimoto ziwiri. Yatsopano imagona panja, mvula n'kumaikwapula usiku ndi usana. Yakale, yofiira, yopanda denga, yamipando iwiri yokha, ndiyo imagona m'galaja, itafunditsidwa nsalu ngati khanda. Funso langa loyamba kwa iwo linali limenelo: bwanji mwana akunyowa, nkhalamba ili m'nyumba? Anangoseka. Kuyambira tsikulo amanditcha wamafunso, ndipo sindikana. Safunsa anadya phula.

Nkhalambayo ndi MGB ya 1972. Galimoto zimenezi zinkapangidwa ku Abingdon, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pano, kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, ndipo zinatuluka zoposa 500,000. Achikulirewo amanena zimenezi ngati akutchula mzere wa makolo awo.

Loweruka lina m'mawa ndikuchokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu, anandikodola. Galimoto inali m'mwamba pa zitsulo, matayala onse anayi atatsamiritsidwa kukhoma. Akuti ndibwerekeni mwendo wanu. Ndinalowa, mpando wake wotsika ngati wakhala pamphasa, iwo atagwada kutsogolo ndi kasipanala ndi kabotolo.

"Pondani. Pondaninso. Gwirani pomwepo. Siyani."

Ntchito iyi sinali yachilendo. Aliyense amene anadikirapo galimoto kwa amakaniko a ku Biwi amaidziwa, ya popa, popa, gwira ija. Chachilendo chinali chifukwa chake. Ankakonzekera chimene amati track day. Limeneli ndi tsiku lomwe eni bwalo la mpikisano amalola munthu wamba, bola akhale ndi laisensi, helemeti ndi ndalama, kulowa ndi galimoto yake n'kuithamangitsa mmene angathere, popanda wapolisi womubisalira pa mtengo. Bwalo lawo ndi Castle Combe, kupitirira pang'ono Chippenham, lomwe linali la ndege za asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kusanduka la galimoto mu 1950. Kulizungulira kamodzi ndi makilomita pafupifupi 3.

"Ndi mpikisano, bambo?"

"Ayi. Ngakhale kuyeza nthawi n'koletsedwa."

"Wopambana amalandira chiyani?"

"Palibe wopambana."

"Nanga mumakhala mukupita kuti?"

"Timangozungulira."

"N'kukathera pati?"

"Pomwe tayambira."

Ndinazisiya zimenezo, poti mlendo sathyola mphasa. Koma china chinakanika kumezeka. Munthu wofuna kuthamanga, ine ndinkayesa amathira ndalama ku injini. Awa miyezi iwiri yathunthu ankangogwiragwira chinthu chomwe ntchito yake n'kuletsa kuthamangako. Zili ngati mlenje amene akunola chingwe chomangira galu.

Anapukuta manja n'kundiuza za chaka chatha. Ku Castle Combe kuli khona lotchedwa Quarry. Usanalifike umakwera kachitunda kotchedwa Avon Rise uli pa liwiro lako lonse, ndipo khonalo limakhala kuseri. Atazungulira mphindi khumi, anafika pamenepo, kuponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi ngati aponda papaya wakupsa. Anakathera m'kapinga, mwamwayi osagunda kanthu. Anakhala theka la ola akunjenjemera. Poyesanso, mabuleki ali bwinobwino, ndipo madzulo anabwerera nayo kunyumba okha.

Apa ndiye ndinabalalika. Chinthu chathyoka, palibe wachigwira, n'kudzichira chokha? Kwathu tikanayamba kuyang'anana.

Akuti palibe chinathyoka, kunali kutentha basi. Ndinafunsa kuti kutenthako kukuchokera kuti, poti moto uli ku injini. Anandiuza nditikite zikhatho zanga mwamphamvu. Zinatentha. Buleki ndi chomwecho: mapadi awiri amapana disiki yachitsulo yomwe ikuzungulira ndi tayala, ndipo liwiro lonse lomwe lachoka pa galimoto silisowa, limasanduka moto, monga mmene makolo ankapekera moto ndi timitengo. Anatenga pensulo n'kulemba pa katoni. Galimoto ndi mwini wake, pafupifupi tani imodzi. Kuitsitsa kuchoka pa makilomita 150 pa ola kufika pa 60 kumatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira malita 2. Mphika wa nsima ya banja lonse, kuwira m'masekondi anayi. Ndipo kwambiri kwa kutenthako kumalowa m'madisiki awiri akutsogolo, a masentimita 27, kukula kwake ngati mbale. Pamsewu wamba umaponda kamodzi, chitsulo n'kupuma. Pa bwalo umaponda chomwecho kangapo pa kuzungulira kumodzi, n'kubwereza kwa mphindi 15 kapena 20. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi.

Pamenepo fungo lina linandibwerera m'mphuno, lija la malole akamatsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, ngati wina akuwotcha nsapato. Ndili mwana ndinkadabwa kuti dalaivala wodziwa ntchito amatsikiranji pa giya yoyamba kapena yachiwiri, injini ikulira momvetsa chisoni, pomwe buleki ali nayo. Kani ankaisungira pomwe idzafunike. Zanditengera zaka makumi atatu ndi galaja ya mzungu kuti ndimvetse.

Mabuleki amatopa mwa njira ziwiri, anatero achikulire. Mapadi akapsa, chopondera chimakhalabe cholimba koma galimoto siimva, imangopita. Fuluwidi akawira, chopondera chimafewa n'kulowa pansi. Awo anali a fuluwidi.

"Mafuta angawire?"

"Akamwa madzi, amawira msanga."

"Madziwo akuwapeza kuti, ali m'mapaipi otseka?"

"Mumpweya."

Fuluwidi wa mabuleki ali ngati mchere m'nyengo ya dzinja, amakoka chinyontho, pang'onopang'ono, kudzera pa chivindikiro ndi m'mapaipi a labala. Wa mtundu wa DOT 4 akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi malire ake amatsika mpaka cha m'ma 155. Disiki pa bwalo imatha kupitirira madigiri 500, ndipo motowo umayenda kudzera m'mapadi mpaka kukafika kwa fuluwidi. Akawira mumabadwa nthunzi. Zamadzimadzi sizifinyika, n'chifukwa chake phazi likaponda kuno mphamvu imakafika ku tayala. Nthunzi imafinyika. Ndiye phazi limangopondereza thovu. Zikazizira thovu limatha, mabuleki n'kubwerera ngati sanalakwe kanthu.

Ndinafunsa, mwaulemu ndithu, kuti fuluwidi wa tsiku limenelo anamusintha liti. Anayang'ana kudenga. Yankho linachokera pakhomo la khitchini, kwa mayi a kunyumba kwawo: mwana wawo asanakwatiwe. Mdzukulu pano ali pa sukulu. Mabuku amati zaka ziwiri zilizonse. Ndinafunsanso ngati a boma sanaione, ndipo ndinamva china chondizunguza mutu: kuno galimoto ikapitirira zaka 40, ngati sinasinthidwe kwambiri, siikakamizidwanso kupita ku MOT, yomwe kwathu tingati COF. Ana ndiwo azipita ku sikelo chaka chilichonse, agogo ayi. Akuti eni galimoto zakale amazisamala okha. Ndinayang'ana kabotolo ka fuluwidi wakale pa shelefu, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, osanena kanthu.

Manambala akenso. DOT 5.1 amasakanizika ndi DOT 4, ndi a mtundu umodzi, ndipo watsopano amapirira mpaka madigiri 260. Koma DOT 5, amene nambala yake ili pakati pa awiriwo, ndi wa silikoni, sagwirizana ndi aliyense. Ndiye 5.1 ndi m'bale wa 4, koma 5 ndi mlendo. Anawerengera ndani zimenezi? Achikulire akuti ndisawafunse iwo.

Kenako anatulutsa buku la malonda, tsamba lake lopindidwa pakona, lakuda ndi zala. Makalipa atsopano, zibwano zija zimagwira mapadi, a mapisitoni anayi m'malo mwa awiri, openta mofiira, ndi madisiki okhuthala okhala ndi mphako zopitira mphepo. Mtengo wake unkapitirira lendi yanga ya mwezi. Ankaliyang'ana tsambalo mmene mnyamata amayang'anira mtsikana wa tsidya lina la mtsinje.

"Bambo, mabuleki alipowa, akakhala ozizira, mutaponda ndi mphamvu zonse, matayala amasiya kuzungulira?"

"Amasiya. Amachita kukhwekhwereza pa tala."

"Nanga ofiirawa adzachita chiyani choposa pamenepo?"

Anakhala chete. Ine ndinafunsa chifukwa sindinkadziwa, koma zinaoneka kuti ndaponda pa chilonda. Anavomera kuti buleki imaimitsa tayala, koma choimitsa galimoto ndi tayalalo, pa kachigamba kokula ngati chikhatho komwe kakhudza msewu. Ngati mabuleki akale akutha kale kumanga tayala, aakulu sangafupikitse mtunda woimira ulendo woyamba. Ubwino wawo ndi wa mphika waukulu: umachedwa kusefukira. Pa ulendo wa khumi ndi pomwe amaonekera. Si achabe ayi, ndipo galimoto yolemera kapena ya injini yaikulu, monga MGB GT V8 yomwe inatuluka mu 1973, imafunikadi chitsulo chochuluka. Koma yawoyi?

Tinapita kukhoma kukaona matayala. Mizere yake inali yakuya, ngati ogula dzulo. Anandisonyeza manambala anayi m'mbali mwake: 2309. Sabata ya 23, chaka cha 2009. Ndinakanda ndi chikhadabo, labala ali gwa ngati chikopa cha ng'oma. Galimoto yogona m'galaja simaliza matayala, amangokalamba ali atsopano.

Buku lija linabwerera m'dirowa. Chimene anagula ndi matayala anayi, fuluwidi wopirira moto, mapaipi ofewa okulungidwa ndi waya omwe satupa akapanikizidwa, ndi mapadi a pakatikati. Ndinafunsa bwanji osangogula a mpikisano weniweni, akuti amenewo sagwira bwino asanatenthe ndipo amalira ngati nkhumba, ndiye pa mphambano yoyamba m'mawa ungakagunde basi. Mapadi atsopanowo anapita nawo pa msewu wopanda anthu kukawazoloweretsa, kuponda ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, mpaka atagwirizana ndi disiki.

Kumbuyo sanasinthe kanthu. Kuli madiramu, mtundu wakale, pomwe madisiki anadziwika kalekale, Jaguar itapambana nawo mpikisano wa ku Le Mans mu 1953. Ndinafunsa ngati kumeneku n'kuumira. Ayi. Akuti kumbukirani minibasi ikaima mwadzidzidzi, anthu onse amagwera kutsogolo. Galimotonso imatero, kulemera kumathamangira ku matayala akutsogolo, akumbuyo n'kupepuka. Ukawapatsa mphamvu yambiri akumbuyowo, ndiwo amayamba kumangika, ndipo galimoto imatembenuka n'kuyang'ana komwe yachokera. Anangowatsegula, kupukuta fumbi, n'kuwasendeza bwino.

Funso limodzi silinayankhidwe mondikhutiritsa. Galimoto za masiku ano zili ndi njira ziwiri za fuluwidi, ina ikabooka ina imagwirabe. Yawoyi ili ndi imodzi. Ndinati ikabooka imeneyo? Akuti matayala onse anayi amasiya kugwira. Ndiye? Handibuleki ndi pemphero. Anasintha mapaipi onse a dzimbiri, n'zoona, koma ndikanakhala ine, ndalama za zofiira zija zikanapita pamenepo. Sanandifunse maganizo.

Tsikulo litafika ananditenga. M'mawa onse anasonkhanitsidwa m'chipinda kumva malamulo: kupitirira mnzako ndi mbali imodzi yokha, pa msewu woongoka, iye atakupatsa mpata. Inshuwalansi wamba siigwira ntchito mkati muno, wophwanya yake adzilirira yekha. Munthu wina anabwera ndi kachida kuyeza phokoso la galimoto iliyonse, chifukwa anthu a m'midzi yapafupi safuna kusokonezedwa. Bwalo la mpikisano loletsa phokoso. Ndinafuna kufunsa, koma anali atandiveka kale helemeti.

Za maulendo awiri oyamba sindikumbukira bwino. Wachitatu ndinatsegula maso. Tinakwera Avon Rise, mimba n'kutsalira m'mbuyo, kutsogolo kuli thambo lokha, kenako khona lija ili pompo, ndipo phazi la achikulire likadali pa mafuta. Ataponda, lamba anandidula mpweya, mphuno ya galimoto inagwada, matayala akudandaula chapansipansi, n'kukhota bwinobwino. Anakuwa kuti chaka chatha ankaponda kumbuyo uko, lero aponda apa.

Ndinakuwa nanenso: "Ndiye mabuleki abwinowa akukufikitsani pafupi ndi khoma kuposa oipa aja?"

Sindinamve yankho. Ndinangoona mapewa awo akugwedezeka.

Ulendo womaliza anayenda pang'onopang'ono, osaponda buleki, kuti mphepo iziziritse zitsulo. Titafika poimika, matayala akutsogolo ankatulutsa mpweya wotentha ngati mbaula, zitsulo zikulira tiki, tiki. Pamalopo panali potsetsereka pang'ono, ndiye ine, pofuna kuthandiza, ndinatambasula dzanja kuti ndikoke handibuleki. Anandigwira mkono. Akuti ayi, madiramu ali moto, ukawamanga amatha kukakamira, ndipo ngakhale phazi suliika pa chopondera, mapadi angadinde chipsera pa disiki. Anazimitsa injini, n'kuisiya pa giya.

"Tsikani muike kanthu kunsi kwa tayala."

Miyezi iwiri m'galaja, matayala atsopano, fuluwidi wodula, mapaipi a waya, ndipo ntchito yomwe yanditsalira ndi ija ya kondakitala wa minibasi pa siteji ya pa Lizulu. Ndinavula helemeti n'kuyamba kuyang'ana mwala. Bwalo lonse losesedwa, mwala olo umodzi. Achikulire anapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kundipatsa kachipika ka mtengo, kosema bwino, kopaka vanishi.