Mlandu wa Gitala wa Pakona

Zimitsani mafoniwo. Iwe wa mawaya m'makutu, zula, makutu amenewo ndikuwafuna. Lero nyakwawa ndine, mboni ndinenso, ndipo apilo kulibe. Mlandu ndi wa gitala uja ali pakona, amene akangaude atsala pang'ono kulipiramo lendi. Mwini wake ndi uyu akuwerenga nyerere pansiyu. Anatilirira kuti akufuna kukhala woyimba, mayi ake nkukagulitsa mpunga pa Songani, gitala nkubwera. Sabata isanathe, akuti zala zikupweteka. Zala! Kodi munamva kuti nsambo ndi thonje?

Daniel Kachamba mukumudziwa inu? Taonani, akungoyang'anana. Anabadwa mu 1947, kwawo kunali kwa Singano ku Chileka. Ali mnyamata, banja lawo linakakhala ku Salisbury, kumene lero mukuti Harare, ndipo kumeneko anamwa kwela ya ku Joni mpaka inamulowa m'mafupa. Atabwerera kuno ankayimba m'misewu ya Blantyre pamodzi ndi mng'ono wake Donald wa chitoliro, bezi yawo ili bokosi la nsambo imodzi. Situdiyo yawo inali fumbi la mumsewu. Ndi momwemo anawapeza Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967, nayamba kuwajambula, ndipo pofika 1972 Daniel anali akuyimba ku Ulaya.

Tsono imvani ichi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Gitala amabwera ndi nsambo 6, koma Daniel anachotsako imodzi mwadala, nkumachuna zotsalazo mwa nzeru zake. Chala chachikulu chinkayendetsa bezi, chamkombaphala chikulankhula zina pamwamba, mwakuti ukamamva pa wayilesi ya MBC unkalumbira kuti ali awiri. Sinjonjo, lumba, simanjemanje, zonse m'dzanja limodzi. Iwe nsambo zako zonse zilipo, zatsopano, zonyezimira, koma ukuti ukudikira kompyuta ikupangire biti. Daniel anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha, ndipo ena mwa amalume anu msinkhu umenewo anaupitirira kalekale asanamalize ngakhale khola la nkhuku. Za Allan Namoko wa ku Thyolo ndisayambe nkomwe: munthu wosaona, koma banjo inkamumvera. Inu maso awiri, onse ali pa TikTok.

Mwina muziti agogo amangodziwa za ku Chileka. Dikirani ndikuwolotseni nyanja. Ku India kunali Ravi Shankar, wobadwira ku Varanasi mu 1920. Ameneyu ndiye akukukhudza kwambiri iwe, chifukwa kutchuka anakulawa ali mwana: ankavina m'gulu la mkulu wake Uday, akukhala ku Paris, akuyenda m'maiko. Mu 1938 anazisiya zonsezo, napita ku katauni kotchedwa Maihar kukagwada kwa mphunzitsi waukali, Allauddin Khan. Anakhala kumeneko mpaka 1944, akulimbana ndi sitar, choyimbira cha nsambo pafupifupi 20, zambiri mwa izo zosakhudzidwa ndi chala, zimangolira zokha zikamva zinzake. Mu 1941 anakwatira mwana wa mphunzitsiyo, ndiye kuti mnzathuyu ngakhale chikamwini anachilawa. Pambuyo pake George Harrison wa Beatles, munthu amene dziko lonse linkamukuwira, anabwera kudzakhala pansi kuti aphunzitsidwe ndi Shankar.

Mu 1971 ku New York, pa konsati yothandiza anthu a ku Bangladesh, Shankar ndi anzake atangomaliza kuchuna zoyimbira zawo, khamu lonse linawomba m'manja, likuyesa kuti nyimbo yatha. Mwamva? Kuchuna kokha! Iwe ukamachuna, agalu a kuno ku Naisi amathawira kuphiri.

Chilango chako nachi, ndipo ndachepetsa chifukwa ndiwe woyamba kulakwa: madzulo aliwonse ukhale pansi pa mango paja ndi gitalayo mpaka matuza aphulike, aume, pamere zikang'a. Foni izikhala m'thumba la agogo ako aakazi, ndipo ukudziwa kuti cholowa m'menemo sichituluka msanga.

Nanga inu atsikana mukuseka chiyani? Mwayesa mwapulumuka? Mkazi uja wa Shankar, Annapurna Devi, ankayimba surbahar, mkulu wake wa sitar, wolemera ndi wa mawu akuya, ndipo akatswiri ankachita kumusaka kuti awaphunzitse. Anoushka, mwana wamkazi wa Shankar, akuyimbabe sitar m'maiko mpaka pano. Tsono iwe wa mano panjawe, mawa ndi iweyo. Yambiratu kuwenga zikhadabo zautotozo.