Momwe Mungaikire Phewa la Chitsulo Loti Likhwepe Msanga

Ngati cholinga chanu n'chakuti phewa lochita kuikirira likhwepe msanga, musataye nthawi ndi mpira wachitsulo umene umakhala kumutu kwa fupa la mkono, chifukwa umenewo kawirikawiri umagwira bwino. Pofooka ndi pa glenoid, kambale kakang'ono kosazama kamene mpirawo umazunguliramo. Kuseri kwake kuli fupa lochepa kwambiri. Kuyambira m'ma 1970, pamene Charles Neer wa ku New York anayamba kumatapo pulasitiki ya polyethylene, malo amenewa akhala akusowetsa tulo madokotala a mafupa.

Choyamba, musayeze minyewa. Pali minyewa inayi, ya rotator cuff, imene imagwira mpira kuti ukhale pakati penipeni pa kambale. Ikakhala yong'ambika, inu ikani phewa la masiku onse ngati kuti zonse zili bwino. Wodwala akamakweza mkono, mnofu wa deltoid uzikokera mpira m'mwamba, mpirawo uzipondereza m'mphepete mwa pulasitiki, mbali ya m'munsi izitukuka. Akatsitsa mkono, pulasitiki izibwerera. Umu ndi momwe timazulira chikhomo cholimba: kuchikankhira uku, kuchikankhira uko, mpaka dzenje litakula lokha. Mu 1988, Frederick Matsen ndi anzake a ku Seattle anafotokoza kugwedera kumeneku n'kukutchula kuti rocking horse. Pokweza mkono, mphamvu yodutsa pamfundo imeneyi imayandikira kulemera kwa thupi lonse, ndipo munthu amakweza mkono tsiku lonse.

Sikani ya CT ilekeninso. Nyamakazi imakonda kudya kambale cha kumbuyo, n'kusiya maenje awiri, mtundu umene Gilles Walch wa ku Lyon anautcha B2. Mukamata pulasitiki pamalo opendekeka chotero, mpira uzitsamira kumbuyo kuyambira tsiku loyamba. Mukafuna kuwongola, palani mopyola muyeso. Pansi pa chichereŵechereŵe pali kachigamba kopyapyala ka fupa lolimba, ndipo ndi kameneka kamene kamasenza katundu. Palani mpaka kathe, muone fupa lofiira la timabowotimabowo likutuluka magazi. Pamenepo pulasitiki idzamira pang'onopang'ono.

Simenti ithireni pafupa lonyowa ndi magazi, osatsuka, osaumitsa, osaikankhira m'timabowo. Ichulukenso. Simenti ya mafupa imatentha ikamauma, ndipo fupa likafika madigiri 47 kwa mphindi imodzi limayamba kufa. Pa X-ray mudzaona kamzere kakuda pakati pa simenti ndi fupa, kakukula chaka ndi chaka.

Pa zitsulo zosafuna simenti, kulakwitsa n'kosavuta kuposa apa. Zimenezi zimadalira kuti fupa limere n'kulowa m'timabowo ta chitsulo, koma fupa silimera pa chinthu chogwedera. Robert Pilliar wa ku Toronto anaonetsa mu 1986 kuti kusuntha kwa mamilimita 0.15 n'kokwanira kuti pamere kamnofu kofewa m'malo mwa fupa. Diso silingakuone kusuntha kumeneko, chala sichingakumve. Choncho boolani dzenje lokulirapo pang'ono, sankhani masikuluwu aafupi, muwaloze m'fupa lofewa, osati kutsinde kwa coracoid kumene fupa ndi lokhuthala.

Phewa lotembenuza la Paul Grammont wa ku Dijon, limene linayamba mu 1985, limaika mpira pa glenoid, kambale n'kupita kumkono. Linapangidwira anthu amene minyewa yawo inatha, ndipo lathandiza ambiri kukwezanso mkono. Kuti muliwononge, ikani chitsulo chogwira mpira m'mwamba kwambiri, chiyang'ane kumwamba. Mphamvu imene ikanachikanikizira kufupa iyamba kuchitsetsereza. Komanso mkono ukatsika, kambale kazigunda khosi la fupa m'munsi mwa mpira, kazilikumba, ndipo tizidutswa ta pulasitiki tophwanyika tizichititsa thupi kusungunula fupa lozungulira sikuluwu ya m'munsi.

Kumkono, sankhani ndodo yachitsulo yaikulu yodzaza fupa lonse. Idzagwira zolimba ndithu, mudzatuluka m'chipinda cha opaleshoni mtima uli m'malo. Koma Julius Wolff ananena kale mu 1892 kuti fupa limakula kapena kuchepa malinga ndi katundu amene likusenza. Ndodo ikalanda katundu yense, fupa la kumtunda limapyapyala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi sizioneka tsiku la opaleshoni. Bala limapola, wodwala amathokoza, amayambanso kupesa tsitsi ndi kuvala malaya yekha. Ululu wa usiku umadzabwerera patapita zaka, iye atakalamba kuposa kale. Dokotala amene adzatsegulenso phewalo adzachotsa pulasitiki yogwedera n'kupeza dzenje pamene panali fupa. Nthawi zina amachita kukadula fupa la m'chiuno mwa wodwala yemweyo kuti apeze pomangirira, ndipo nthawi zina pomangirira sipapezeka n'komwe.