Ulemu kwa Phwetekere Wophwanyika

Anthu amatama kachewere wa ku Tsangano. Amatamanso fodya wa ku Furancungo m'boma la Macanga. Koma sindinamvepo mfumu kapena mlangizi ataima pamsonkhano n'kutchula phwetekere wa pansi pa dengu. Lero ndimutchula ine, chipewa chili m'manja.

Mkuluyu ndiye amasenza anzake onse. Dengu likamangidwa panjinga kutsidya la Mozambique, n'kutsetsereka mapiri mpaka kumsika wa Tsangano pamsewu wa M1 ku Ntcheu, apamwamba amafika akunyezimira, okonzeka kukhala pamulu. Iye amafika mimba itang'ambika, madzi akuchucha m'mipata ya nsungwi, njere zitamatirira pamasipoko. Mayi wogulitsa amangomukankhira pambali, kaya apite ngati basela, kaya adyedwe ndi nkhumba. Ntchentche zokha ndizo zimadziwa kulonjera akuluakulu.

Chonsecho kunja kuno anthu akulemera naye. M'mahotela a ku London ndi ku Johannesburg amamuphwanya dala, mwaulemu, ndi makina. Amathiramo vodka, mchere, tsabola, madzi a mandimu ndi timadontho ta Worcestershire, n'kuzika phesi la celery m'tambulamo. Akatero dzina lasintha, ndi Bloody Mary. Fernand Petiot, yemwe ankagulitsa mowa ku Paris kenako ku New York, ankadzitama kuti luso limeneli ndi lake. Taonani, munthu kutchuka dziko lonse chifukwa chophwanya phwetekere, ntchito yomwe njinga ya ku Tsangano imagwira ulere!

Omwa ake ndi anthu odzuka dzuwa lili pamutu Lamulungu, kadzutsa ndi nkhomaliro n'kukumana m'mbale imodzi. Kwathu wodzuka nthawi imeneyo amafunsidwa ngati wadwala. Kumeneko amamuyalira tebulo.

Ndiye tasowa chiyani ife? Vodka ina amatcheza kuchokera ku mbatata ya kachewere yomweyi. Ngati mbatata tikuimvera chisoni, kachasu wa mutu alipo, ndipo amayi otcheza sanapite kusukulu ya Petiot. Tsabola wa kambuzi sachita manyazi pamaso pa tsabola wa m'botolo wa Tabasco. Chatsala ndi tambula yaitali ndi dzina lovuta kutchula basi.

Akuti chakumwachi chimachotsa matsire. Apa ndiye pali ukulu wake weniweni, chifukwa sichichotsa kanthu. Mowa wam'mawa umangosunthira mutuwo kumadzulo, ngati ngongole ya katapila, ndipo umabwera ndi chiwongoladzanja. Koma ulemu wokha amaupereka. Bambo woyamba kachasu 10 koloko m'mawa mudzi wonse umamutcha chidakwa. Mnzake wothiramo phwetekere amati akusamala thupi, akudya zamasamba.

Choncho amayi a pamsika wa Tsangano, lekani kumupereka basela mkuluyu. Muikeni pamwamba pa mulu, mtengo muwirikize. Wogula akadandaula, muuzeni kuti theka la ntchito mwamugwirira kale.