Chidindo cha pa Songwe ndi kachilombo ka m'mimba

Amalonda a ku Bandawe ndi Chintheche amene amakaoda zitenje, nsapato ndi mapoto ku Kyela ndi ku Kariakoo sasowa chonyozerana ndi anzawo Ataifa, ndipo masiku ano mkangano wafika pa zilonda za m'mimba. Mtaifa ndiye amaputa: "Alamu, kwanu kuno munthu ukadandaula m'mimba amangokuyang'ana kumaso, n'kukufunsa ngati wadya kondowole wogona, kenako Panado uyu, kazipita. Kwathu amakubaya chala, usanamalize kuwerenga chenji pepala latuluka kale: H. pylori!" Mtonga naye sagonja: "Ada, kwanuko ndani analowa m'tizipinda toyezerato n'kutuluka wopanda matenda? Ngakhale wongofunsa njira ya ku depoti amatuluka ndi taifodi." Mtaifa amabweza kuti bola iwo amatuluka ndi pepala, pomwe Mmalawi amatuluka ndi malangizo osiya tsabola. Anthu amafa nacho chiseko, komabe mkanganowu umatha osaweruzidwa. Chigamulo changa n'chakuti onse awiri akuyamikira chinthu cholakwika, chifukwa chofunika si kufulumira kwa pepala, koma kudziwa chimene chayezedwa.

Kachilombo akunenako ndi bakiteriya yotchedwa Helicobacter pylori, imene madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaitulukira mu 1982. Anzawo atakana kuti kachilombo kangakhale mu asidi wa m'mimba, Marshall anamwa dala madzi okhala nako mu 1984, n'kudwaladi, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inakaika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Mtaifa akunena zoona kuti si kachilombo kosewera nako. Zimene sanena n'zakuti mu Africa anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse ali nako, ambiri anakatenga ali ana, ndipo ochuluka amakalamba nako osatuluka chilonda. Choncho munthu wongokhala pansi pa mtengo wa mango pa Chintheche, n'kumauza aliyense wodutsa kuti "muli nako", angalondole ka 7 pa anthu 10 osabaya chala cha munthu. Kumva kuti uli nako sikutsimikiza kuti ndiko kakukupweteka lero.

Vuto lachiwiri lili m'choyezera cha pachala chomwecho. Sichiona kachilombo, chimaona asilikali amene thupi linapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatsala m'magazi miyezi yambiri, mwina zaka, kachilombo katafa kale. Zili ngati chidindo cha pa Songwe m'pasipoti: chimatsimikiza kuti munawolokapo, koma sichinena kuti panopa muli ku Mbeya. N'chifukwa chake wamalonda wobayitsa chala ulendo uliwonse amauzidwa zomwezo, amagulanso mapiritsi, n'kumadandaula kuti matenda ake ndi osamva mankhwala. Zoyezera zimene zimaona kachilombo kamoyo ndi zina: kuyeza chimbudzi, kuyeza mpweya umene munthu watulutsa atamwa mankhwala apadera, kapena kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kukhosi n'kutapa kanyama ka m'mimba. Nazonso zili ndi malamulo ake. Munthu ayenera kukhala milungu 2 osamwa omeprazole ndi milungu 4 osamwa maantibayotiki, apo ayi kachilombo kamachepa ndipo pepala limanama kuti mulibe. Wamalonda amene amameza kapisozi basi isananyamuke wawononga yekha zotsatira zake.

Wina anganene kuti, "Ine ndinamwa mankhwala a ku Taifawo ndipo ndinapeza bwino." N'zotheka, koma m'paketimo mumakhala mankhwala ochepetsa asidi, amene amaziziritsa m'mimba kaya kachilombo kalimo kaya mulibe. Kupeza bwino si umboni woti kafa. Umboni ndi kuyezetsa chimbudzi kapena mpweya patatha milungu 4 chimalizireni mankhwala. Winanso angati kumwa mankhwala mongoyerekeza kulibe vuto. Vuto lilipo, chifukwa mankhwalawa ndi maantibayotiki awiri kapena kuposa, monga amoxicillin, clarithromycin kapena metronidazole, omwedwa masiku 10 mpaka 14, ndipo kuwabwereza mwachisawawa kapena kuwasiyira panjira kumaphunzitsa tizilombo kusamva mankhwala. Kuwonjezera apo, zilonda zambiri zimachokera ku Brufen, Indocid, aspirin ndi diclofenac, zimene onyamula mabelo amamwera msana. Amenewa akapitiriza kumeza mapiritsiwo, ngakhale atapha kachilombo konse, m'mimba simungaleke kuwawa.

Mtonga asafulumire kuvina. Kutsutsa kolimba n'kwa Mtaifa: zoyezera zabwinozo sizipezeka pachipatala chilichonse cha m'mudzi, ndiye wosauka atani? Apa ndikuvomereza kuti kuyang'ana munthu kumaso n'kumuuza kuti ndi "maalsazi" kulinso ndi ngozi yake. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo munthu angathe miyezi akumwa phala ndi mkaka poganiza kuti ndi zilonda wamba. Kumeza movutikira, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kuwonda kosadziwika bwino ndi kusanza kosalekeza sizifuna choyezera cha pachala, kaya cha dziko liti. Zimafuna kuonana ndi dokotala msanga, kupempha kalata yopita kuchipatala cha boma ku Nkhata Bay, ndipo ngati kuli kofunika, kukafika kuchipatala chachikulu kumene kuli kamera ija.

Inu amalonda mumadziwa kutambasula chitenje n'kuona ngati ndi chenicheni musanalipire. Chitani chimodzimodzi ndi pepala la zotsatira, kaya mwalilandira ku Kyela kaya ku Mzuzu. Funsani ngati ayeza magazi kapena chimbudzi, muwauze mankhwala onse amene mwamwa mwezi umenewo, ndipo mukamaliza mankhwala mubwererenso kukayezetsa chimbudzi, osati chala.