Walira mvula, matope apondedwa ndi wina

Akuluakulu amene anati walira mvula walira matope anali anthu achilungamo zedi. Kwa iwo, wolira ndi woterereka anali munthu mmodzi yemweyo. Ndikukayika ngati anapondako pa Cairo Road Lachisanu la kumapeto kwa mwezi.

Nkhani yomangira magalimoto nyumba zosanja pakati pa tauni ya Lusaka ikabuka, ife a ku Palabana timayenera kukhala chete. Boma lathu ndi Chongwe, makhansala a ku Lusaka sitiwavotera. Koma mkaka, tomato ndi repu wathu zimakathera komweko, choncho pakamwa tili napo.

Mvula yake tinailira ambiri. Aliyense ankalota kagalimoto ka ku Japan, kotsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Inagwadi: ma Corolla, ma Vitz, ma Allion, mpaka mzinda umene unakhala likulu mu 1935, azungu akuganizira za mabanja ochepa ndi mitengo yambiri, unatsamwa. Tinaliranso ina. Boma la Zambia linakongola ndalama ku India, kampani ya Afcons inayamba ntchito mu 2018, milatho yodutsa pamwamba n'kumera pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Lero munthu amauluka pa Munali, kuulukanso pa Arcades, mtima uli myaa, kuti akafike msanga kumene kulibe poimika.

Timutsatire mwini kagalimotoyu. Walowa Cairo Road, malo palibe. Wakhotera ku Chachacha, palibe. Freedom Way, palibe. Wadutsa pa Findeco House kambirimbiri moti mlonda wayamba kumukwezera dzanja ngati mnansi. Mafuta amene anathira kuti akabwererenso kunyumba akuthera m'kuzungulira. Ndiye patulukira mnyamata atavala jekete lonyezimira limene palibe akudziwa amene anampatsa. "Pano abwana! Bwererani, bwererani, basi!" Malowo si ake, si a bambo ake, koma amawagulitsa ndi nkhope ya mwini munda. "Ndikusungirani, abwana." Musafunse kuti akuisunga kwa yani. Amene amafunsa amapeza kalilole wa m'mbali atasamuka. Pobwerako abwana aja akumana ndi wotolera ndalama za malo oimika, naye akufuna zake, ndipo tsiku likawaipira apeza tayala litamangidwa chitsulo. Malo amodzi alipira kawiri, galimoto yapsa ndi dzuwa, ndipo chimene anabwerera m'tauni ndi kudzalipira ngongole ya galimoto yomweyo.

Atakwiya chonchi, amafuula kuti khonsolo imange nyumba yosanja. Ganizani bwino. Vitz ikwere masitepe ake mpaka pamwamba, ikapume pamthunzi, mlonda pakhomo, magetsi akuyaka, pamene mwini wake sanagonepo m'nyumba yosanja chibadwire. Madzulo itsike, ibwerere kukomboni kukagona panja, itatsamira mwala kutayala. Ndikuopa kuti tsiku lina idzakana kutsika.

Nyumba yotereyi tinaionapo kale. Society House itapsa mu 1997 inakhala zaka zambiri ili bii pakati pa Cairo Road. Kenaka bungwe la NAPSA linaikonzanso ndi ndalama za penshoni, n'kukhala Society Business Park, yamasitolo, maofesi, hotela ya Hilton Garden Inn ndi malo osanja oimikamo magalimoto. Mu Okutobala 2024 NAPSA yomweyo inauza onse amene ankachita lendi kuti atuluke, akatswiri atapeza kuti mbali ina ya nyumbayo siyolimba. Ndalama za penshoni zimenezo zimadulidwa mwezi ndi mwezi pa malipiro a antchito, kuphatikizapo wokama ng'ombe pa famu kuno ku Palabana, amene galimoto yake ndi njinga yopanda mabuleki. Iye mvula sanailire, koma matope amufika m'mawondo.

Apa kuseka kumandithera. Mu Julaye 2023 ogulitsa m'misewu anachotsedwa pakati pa tauni, monganso mu Januwale 2018 nthawi ya kolera. Za kolera sindikutsutsa, inatenga anthu. Koma mayi wa beseni la tomato amadya malo ochepa kuposa chitseko cha Corolla, ndipo amathamangitsidwa. Galimoto imakhala tsiku lonse pamalo okwanira amayi angapo osagulitsa kanthu, ndipo anthu ovala masuti amakhala pansi kukambirana zoimangira nyumba. Ambiri olowa m'tauni amabwera pa minibasi. Otsikira pa Kulima Tower amadziwa kuti mvula ikagwa, mvula yeniyeni iyi, nsapato zimanyamulidwa m'manja.

Ine sindidana ndi magalimoto. Ndikapeza ndalama ndidzagula yanga, ndipo ndidzazungulira Findeco House ngati anzanga onse. Chimene ndikukana n'chakuti woyenda pansi andilipirire mthunzi. Inu a makhansala a ku Lusaka, nyumba ya magalimotoyo mangani ngati mwaikonda, koma ailipire ndi amene adzaimikemo, mtengo wake wonse. Ndalama za tonse ziyambire pa ngalande za pa Kulima Tower ndi pa denga la amayi a tomato.