Maphunziro Apamwamba a Miseche: Masewero Ofukula Moyo wa Anthabwala a ku Britain

Pa mitundu yonse ya masewero imene wailesi za kanema za ku Britain zakhala zikuonetsa chiyambire chaka cha 2000, palibe umene wapatsa munthu wamba mpata wochita miseche atavala nkhope ya munthu wophunzira kuposa sewero lofotokoza mbiri ya wanthabwala amene anamwalira. Sewero lotere limatenga munthu amene ankagwetsa dziko lonse ndi phwete m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, n'kumuonetsa ali kunyumba kwake atavula jekete, akulira, akupapira mowa, kapena akugogoda pakhomo la mkazi wa mwini. Mlembi wa danga lino, amene maphunziro ake onse pa nkhaniyi anawachitira pampando wa pabalaza, wadzisankha yekha kukhala katswiri wa phunziroli, popeza panalibe wina wopikisana naye pa udindowu.

Lamulo loyamba la masewerowa n'lakuti mwini mbiri akhale ali m'manda, ndipo chifukwa chake n'cha ndalama: malamulo a ku England salola kukasuma ku khoti kuti wina waipitsa mbiri ya munthu wakufa, kotero kuti wolemba sewero akhoza kumupatsa malemuyo botolo m'manja ndi chibwenzi kuseri popanda kuopa kalata ya loya. Aliyense amene anagonako pamaliro amvetsa msanga mmene zimayendera, pakuti masana wowerenga mbiri ya malemu amanena za munthu wofatsa, wokonda mapemphero ndi wosadziwa mkangano, pamene usiku azibambo ozungulira moto panja pa siwa amakumbutsana motsitsa mawu za ngongole zake ndi za ana amene anabereka kumbali. Chimene Angerezi anachita n'kutola nkhani za pamoto zija, kuitana akatswiri a zisudzo, kuthirapo nyimbo zachisoni, n'kuzionetsa pa BBC Four, tchanelo chimene amaonera anthu ofuna kudziwika kuti amakonda zaluso ndi zozama.

Chaka cha zokolola zochuluka chinali 2008, pamene tchanelo chimenechi chinaonetsa masewero anayi motsatizana pansi pa mutu wakuti Curse of Comedy, kutanthauza temberero limene amati limalondola anthu oseketsa anzawo. Munali sewero la Frankie Howerd, amene anabisa kwa zaka zambiri ubwenzi wake ndi mwamuna mnzake pa nthawi imene zotere zinali mlandu ku England kufikira 1967. Munali la Hughie Green, woyendetsa mapulogalamu a mpikisano. Munalinso la Tony Hancock ndi la amuna awiri a mu Steptoe and Son. Chiphunzitso cha onsewa n'chimodzi, chakuti munthu saseketsa khamu osalipira ndi misozi yake, ndipo mlembi wa danga lino amachilandira ndi manja awiri ngakhale umboni wake ndi woperewera, chifukwa munthu amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati amagona tulo tabwino akamva kuti otchuka ndi olemera nawonso ankakhala usiku wonse ali maso. Chitonthozo chotchipachi chimathera pa Hancock, amene pulogalamu yake ya Hancock's Half Hour inayamba pa wailesi mu 1954 n'kufika pa kanema mu 1956, koma mwini wake analowerera ndi mowa mpaka anadzipha ku Sydney mu 1968 ali ndi zaka 44. Pamenepo ngakhale wamiseche wotheratu amayamba waika pansi kapu ya tiyi.

Munthu woyenera mutu wakewake m'phunziroli ndi John Le Mesurier, amene ambiri amamudziwa ngati Sergeant Wilson, msilikali waulemu mopitirira muyezo wa mu Dad's Army, chifukwa ndi yekhayo amene BBC Four inamulanda mkazi kawiri m'masewero awiri osiyana, ndipo kawiri konseko inali kunena zoona. Sewero la Hattie la mu 2011 likuonetsa mmene mkazi wake Hattie Jacques, katswiri wa mafilimu a Carry On, anakondera John Schofield, wogulitsa galimoto zogwirapo kale ntchito, amene analowa m'nyumbamo ngati lendi. Pasanapite nthawi lendi uja anasamukira kuchipinda cha eni nyumba, ndipo mwini nyumba ananyamula zovala zake n'kukagona kuchipinda china m'nyumba yomweyo, osaswa mbale kapena kuitana ankhoswe. Pothetsa ukwatiwo mu 1965, Le Mesurier anavomera kuti mlandu wa chigololo ugwere iyeyo pofuna kuti dzina la mkazi wake lisade pamaso pa anthu omukonda. Atakwatira Joan chaka chotsatira, kapasule anachokera pafupi kwambiri, pakuti anali Hancock yemwe uja, bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo, ndipo imeneyo ndiyo nkhani ya Hancock and Joan ya mu 2008. Joan anabwerera, mwamunayo anamulandira, ndipo anakhala limodzi mpaka imfa ya Le Mesurier mu 1983. Mlembi wa danga lino, amene amatha kusunga mkwiyo mlungu wathunthu chifukwa chakuti wina wakhala pampando wake kapena wasuntha rimoti, amaonera kuleza mtima kotereku mmene munthu amaonera masewero okweza zitsulo zolemera, ndiko kuti mogoma, koma popanda maganizo aliwonse oyeserako.

Kumene mlembiyu amapeza abale ake enieni ndi ku nkhani za kuumira. Tommy Cooper, chimphona chovala chisoti chofiira chimene nthabwala yake inali kulephera dala matsenga, ankadziwika kuti akatsika takisi ankalowetsa kanthu m'thumba la dalaivala n'kumuuza kuti akamwereko, ndipo dalaivalayo akapisa m'thumba ankapeza kathumba kamodzi ka masamba a tiyi. Sewero la ITV la mu 2014, mmene David Threlfall anasewera ngati Cooper, linatsindika za mowa ndi za mkazi wachiwiri wamseri amene anayenda naye zaka zambiri, ndiponso za imfa yake pa 15 April 1984, pamene anagwa pansanja ku London pulogalamu ikuulutsidwa pompopompo, anthu n'kumaseka poganiza kuti kugwako n'kwa dala. Koma mlembiyu, amene amazimitsa magetsi a pabalaza alendo asanamalize kutsanzika, chimene anatolapo n'kathumba ka tiyi kaja, ndipo amakaona ngati nzeru yofunika kuiphunzitsa m'sukulu. Chimodzimodzinso Kenneth Williams, amene Michael Sheen anamusewera mu 2006 potsata mabuku amene mwini wake ankalembamo za tsiku ndi tsiku: anthu ozama amaonamo kusungulumwa kwa munthu amene anakalamba akukhala khomo loyandikana ndi mayi ake, pamene mlembiyu amaonamo ngwazi imene inkakaniza alendo kugwiritsa ntchito chimbudzi cha m'nyumba mwake, mfundo imene iye wakhala akuilakalaka koma mayi a kunyumba salola n'komwe kuti ikambidwe.

Vuto la kufukula akufa n'lakuti amasiya amoyo. The Curse of Steptoe inaonetsa Harry H. Corbett, amene anali katswiri wa zisudzo zozama asanatchuke ngati mwana wa nkhalamba yotolera katundu wakutha pangolo ya hatchi, ngati munthu wowawidwa mtima amene sankamwerana madzi ndi Wilfrid Brambell, wosewera ngati bambo ake. Ray Galton ndi Alan Simpson, amene analemba Steptoe and Son kuyambira 1962 mpaka 1974 ndipo ankaona amuna awiriwo pantchito, ananena kuti chidani chotere sanachione. Achibale a mkazi wachiwiri wa Corbett anadandaula, oyang'anira BBC anapeza kuti mbali zina zinali zosalondola ndi zopanda chilungamo, makamaka pamene wolemba anasuntha nthawi ya zochitika kuti nkhani ikome, ndipo sewerolo linayenera kudulidwa lisanaonetsedwenso. Mlembi wa danga lino analandira chigamulochi mmene amalandirira aliyense womuuza kuti mphekesera yokoma inali yabodza, ndiko kuti mwaulemu koma mosathokoza.

Chomukhumudwitsa kwambiri chinali Eric and Ernie, chimene BBC Two inaonetsa pa 1 January 2011, chofotokoza unyamata wa Eric Morecambe ndi Ernie Wise. M'menemo mulibe botolo lobisidwa kapena lendi wolanda chipinda; muli anyamata awiri okondana ngati pachibale, mayi wolimbikira amene Victoria Wood anamusewera, ndi pulogalamu yawo yoyamba ya pa kanema ya mu 1954 imene olemba nyuzipepala anainyoza kotheratu. Daniel Rigby analandira mphoto ya BAFTA chifukwa chosewera ngati Eric, ndipo chiphunzitso cha temberero chinatsala chopanda poimira.

Popeza nayenso amadzitcha wanthabwala, mlembiyu wafufuza ngati moyo wake ungakwane sewero lotere, ndipo zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Chibwenzi chamseri chimafuna ndalama za mayunitsi zimene iye alibe, mowa umamugonetsa botolo lachiwiri lisanathe, ndipo chinsinsi chachikulu chimene ofufuza angapeze ndi dzina lake m'kope la ngongole la pagolosale, pamzere wa sopo ndi shuga. Mayi a kunyumba atafunsidwa ngati angadandaule kwa oyang'anira wailesi sewero litaipitsa mbiri ya mwamuna wawo, anayankha kuti iwo angapemphe kulemba nawo, ndipo anafunsa ngati BBC imalipira mu mapaundi.